Kamoto ka mchere kamene kamathamanga m'thupi mwathu

Mukapunthwa chala pamwala, ululu umabwera kawiri. Mudzaonetsetse tsiku lina zikadzakuchitikirani, ngakhale ndikudziwa kuti panthawiyo maganizo amakhala pa kutukwana mwalawo. Poyamba pamafika kaululu kolasa, ka msangamsanga, kokuuzani malo enieni pamene pagundidwa. Patapita ngati sekondi imodzi m'pamene pamabwera ululu winawo, wonyeka, wokukhazikani pansi chala chili m'manja. Chala n'chimodzi, mwala ndi umodzi, koma mauthenga anyamuka awiri ndipo adzera misewu yosiyana liwiro.

Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono apa, chifukwa mawu akuti mtsempha timatchulira njira za magazi komanso timaulusi toyera tonyamula mauthenga. Ine lero ndikunena za timaulusito. Kaulusi kalikonse ndi mchira wa selo imodzi, ndipo michira ina ndi yaitali zedi. Pali maselo amene thunthu lake lili kumsana koma mchira wake unakafika kuphazi, pafupifupi mita yathunthu. Mu ubongo mokha muli maselo onyamula mauthenga pafupifupi 86 biliyoni.

Ambiri tikamva zoti mitsempha imayendera magetsi timaganiza za waya wa chaja. Ayi ndithu. Zikanakhala ngati za mu waya, ululu wonse ukanafika kumutu nthawi imodzi musanaphethire n'komwe. Mu 1850, Hermann von Helmholtz wa ku Germany anayeza liwiro la uthenga mu mtsempha wa chule ndipo anapeza mamita pafupifupi 30 pa sekondi. N'kuthamanga ndithu, koma poyerekeza ndi magetsi a mu waya, ameneyu ndi kamba.

Nkhani yonse yagona pa mchere. Selo iliyonse yamizidwa m'madzi a mchere. Kunja kwake kwachuluka sodiyamu, yemweyo wa mu mchere wothira m'ndiwo, pomwe mkati mwachuluka potaziyamu. Pa khungu la selo pali timapampu timene sitipuma usana ndi usiku: kalikonse kamatulutsa tizidutswa titatu ta sodiyamu n'kulowetsa tiwiri ta potaziyamu, kenaka n'kuyambiranso. Zili ngati kupopera madzi mu thanki ya pamwamba kuti tsiku lotsegula mpopi adzatsike ndi mphamvu. Kusiyana kwa mcherewu, kuphatikizapo potaziyamu wina amene amadontha kutuluka, kumasandutsa selo kukhala kabatire kakang'ono ka mamilivolti pafupifupi 70. Mwala wa tochi uli ndi mavolti 1.5, ndiye kabatireka sikafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a mwalawo. Komatu kusunga timabatire timeneti todzaza kumadya chakudya chambiri. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti chabe ya thupi, koma umatenga pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito mukangokhala, ndipo gawo lalikulu limathera ku timapamputi.

Pambali pa timapampu pali timakomo totseka. Mwala uja ukagunda chala, mphamvu ya kabatire kumapeto kwa mtsempha imasintha pang'ono. Ikasintha mpaka kufika pa mlingo wina wake, timakomo ta sodiyamu timatseguka, sodiyamu n'kukhamukira mkati, ndipo kabatire kamatembenuka: mkati mmene munali negativu mumasanduka pozitivu. Nthawi yomweyo timakomoto timadzitseka, ta potaziyamu n'kutseguka kuti zinthu zibwerere mwakale. Zonsezi zimatha mu gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000 a sekondi. Koma kutembenuka kwa pamalo amodzi kumadzutsa timakomo toyandikana napo, ito n'kudzutsa tinzake, mpaka kumapeto.

Amene munaonapo moto wa m'tchire mwezi wa September mwamvetsa kale. Palibe lawi limene limanyamuka kumunda n'kukafika kuphiri. Udzu uwu umayatsa unzake, unzakewo unzake, ndipo moto sufooka ndi kutalika kwa ulendo chifukwa paliponse ukupeza udzu watsopano. Subwereranso m'mbuyo chifukwa kumeneko kwapsa kale. Mtsempha umachita chimodzimodzi, kungoti udzu wake umameranso sekondi isanathe, wokonzeka kuyakanso.

Amene anatulukira bwino zimenezi ndi Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku England, ndipo anathandizidwa ndi nyama ya m'nyanja ya mchere yotchedwa squid. Nyamayi ili ndi kaulusi konenepa modabwitsa, kofika pafupifupi milimita imodzi, kotero ankatha kulowetsamo kawaya n'kuyeza zochitika mkati. Anayamba mu 1939 ku Plymouth, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inawadukiza, ndipo zotsatira zonse anazitulutsa mu 1952. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti masamu ake Huxley anawawerengera pa makina opukusa ndi dzanja, kwa masabata, poti kompyuta ya ku Cambridge inali ikukonzedwa. Foni imene mukuwerengera nkhaniyi ikhoza kuwamaliza musanamwe tiyi. Analandira mphoto ya Nobel mu 1963.

Kamoto kameneka kalibe kakakulu kapena kakang'ono. Kayaka kapena sikanayake, basi. Nanga ubongo umasiyanitsa bwanji kukhudzidwa ndi nthenga ndi kupondedwa ndi ng'ombe? Monga mmene inu mumasiyanitsira mnzanu akakuflashani kamodzi ndi pamene mayi anu aflasha kakhumi motsatizana. Kulira kwa foni n'kumodzimodzi, koma kuchuluka kwake kukuuzani kuti kunyumba kwagwa nkhani.

Tibwerere ku chala. Timaulusi tina tinakulungidwa ndi mafuta otchedwa myelin, kusiya timipata apa ndi apo, ndipo kamoto kamangodumpha kuchoka pa kampata aka kufika pa kena. Imeneyi ndi basi yaikulu yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre yosaima paliponse. Tothamanga kwambiri timafika mamita 120 pa sekondi, kuposa makilomita 400 pa ola. Kaululu kolasa kaja kamakwera ya mafuta pang'ono, ya liwiro lapakatikati. Ululu wonyeka umakwera minibasi yoima pa siteji iliyonse, timaulusi topanda mafuta toyenda ngati mita imodzi pa sekondi, liwiro la munthu woyenda pansi. Kuchokera kuchala kufika kumsana ndi mita, ndiye sekondi yanu ija ndi imeneyo.

Kumapeto kwa kaulusi kamoto kamaima, chifukwa pakati pa selo ndi inzake pali kampata. Apa selo imalavula timankhwala towoloka kampatako. Tina timauza selo yotsatira kuti "yaka", tina timati "khala chete". Selo imodzi ya mu ubongo imamva mawu otere kuchokera kwa anzake masauzande, n'kumawerengera mbali imene yachuluka. Kuganiza, kuyenda, ngakhale kugona, zonse zimadalira kuti oyatsa ndi oletsa azilingana mphamvu.

Mukamvetsa izi, zinthu zina zimasiya kuoneka zachilendo. Jakisoni wa lidocaine amene amakubayani pozula dzino amangotseka timakomo ta sodiyamu pamalopo. Dzino likuzulidwa ndithu, koma moto wasowa poyambira.

Ndipo ndi pamenepa pamene ndimafuna tifike, pa matenda a khunyu, amene ena amati matenda akugwa. Munthu akagwa n'kuyamba kuphupha, chimene chachitika n'chakuti gulu lalikulu la maselo a mu ubongo layaka nthawi imodzi, mobwerezabwereza, oletsa aja atalephera kuwagwira. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse ali m'maiko osauka ndi apakatikati ngati kwathu kuno. Zoyambitsa zambiri tikuzidziwa: malungo aakulu ofika ku ubongo, mwana kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi, mazira a nyongolotsi za nkhumba olowa m'thupi kudzera m'chakudya kapena madzi auve, ndi kuvulala m'mutu. Okwera njinga zamoto za kabaza mutu uli pamtunda, nkhaniyi ikukukhudzani.

Mankhwala ake amagwira pa timakomo tomwe tija. Carbamazepine ndi phenytoin amachedwetsa timakomo ta sodiyamu kutsegukanso, kuti selo isayake motsatizana kwambiri. Phenobarbitone amawonjezera mphamvu ya mawu aja oti "khala chete". WHO imati anthu ofika 70 mwa 100 aliwonse akhoza kusiyiratu kugwa atalandira chithandizo choyenera. Koma mankhwalawa amagwira pokhapokha ali m'magazi, n'chifukwa chake kuwasiya mwadzidzidzi poti "ndachira" kapena poti wina wanena kuti ndi zam'nyumba kumabweretsa kugwa koopsa kuposa kwakale.

Chimene chimandipweteka mtima ndi zipsera za moto. Alipo anthu amene anagwera pamoto akuphika ndipo achibale anaima patali, kuopa kuti akakhudza thovu la kukamwa, mkodzo, kapena akapuma mpweya umene wodwalayo watulutsa, atengera. Taonani bwino chimene chikuchitika m'mutu mwa munthuyo: ndi mchere ukulowa ndi kutuluka pa timakomo ta maselo ake. Mulibe kachilombo kodumphira kwa inu. Mukokeni pamotopo, m'vuuleni m'madzimo.

Mukatero, chotsani zolasa zimene zili pafupi, pindani chitenje kapena jekete mumuikire kumutu, ndipo musamupanikize kuti asiye kuphupha. Supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa ayi. Lilime silimezeka, koma mano amathyoka ndipo chala chanu chidzalumidwa. Kuphupha kukasiya, mugonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke, ndipo musam'mwetse madzi mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Akamadzuka amakhala wosokonezeka ndi wamanyazi, ndiye gulu loonerera libalalitseni.

Foni yanu ili ndi ntchito pamenepo, koma si yojambula vidiyo yoponya pa WhatsApp. Yang'anani nthawi. Kawirikawiri kuphupha kumatha pakati pa mphindi imodzi ndi ziwiri. Kukapitirira mphindi 5, kapena kukayambiranso munthu asanatsitsimuke, kapena ngati ndi mayi woyembekezera, wavulala, kapena n'koyamba kugwa, pezani galimoto kapena chilichonse chomunyamulira muthamange naye kuchipatala.