BASALE YA MPIRA: CHIFUNDO KAPENA MALONDA?

Nkhani ya Siya Kolisi aliyense amaikonda. Mwana wa ku Zwide, komboni ya ku Port Elizabeth (lero akuti Gqeberha), wokulira muumphawi kwa agogo ake. Ali ndi zaka 12 anakasewera rugby pampikisano wa ana ku Mossel Bay, akuluakulu anamuona, ndipo sukulu ya Grey ya mumzinda wakwawo inam'tenga kuti aziphunzira osalipira fizi. Mu 2018 anakhala munthu wakuda woyamba kukhala kaputeni wa Springboks, mu 2019 ndi mu 2023 ananyamula chikho cha dziko lonse. Tiombe m'manja, inde. Koma tisanamizane abale, basale zoterezi sizibwera chifukwa cha chisoni ayi.

Sukulu zotchuka za ku South Africa mbiri yake yagona pa rugby. Timu ikamapambana masewero amaonetsedwa pa TV, makolo opata amathamangira kukalembetsa ana awo, ndipo amene anaphunzira pomwepo kale amapisa m'thumba. Mwana wa basale ndiye nyambo yake. Fizi imene ati am'khululukira amaibweza ndi mapewa ake Loweruka lililonse.

Nanga amasankha bwanji? Safunsa kuti wosaukitsitsa ndani. Amatuma anthu kumipikisano ya ana a zaka 12 ndi 13 kukaona msinkhu, liwiro ndi mphamvu. Pa zaka zimenezi wobadwa mu Januwale wam'posa mnzake wa mu Disembala pafupifupi chaka chathunthu cha kudya ndi kukula. Wokula msanga amatengedwa, wochedwa kukula abwerere kwawo ngakhale ali ndi luso. Ndiponso kuti amuone, mwana ayambe wafika pabwalopo. Nanga wakumudzi uja, amene sukulu yake ilibe mpira, ilibe womuphunzitsa, ilibe ndalama ya basi, adzamuona ndani? Za atsikana ndiye tisanene.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'modzi akatoledwa, andale amafuula kuti onani zinthu zasintha. Zasintha kwa yani? Ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994, koma mabwalo a kapinga wothirira akadali kumene anali kale. Sukulu yakukomboni imene inam'phunzitsa mwana kugwira mpira imangotsala ndi fumbi lake, katswiri wake atapita.

Inu makolo, akadzabwera kudzapempha mwana wanu musathamangire kusaina. Yambani mwafunsa kuti bondo likadzathyoka asanamalize sukulu, fizi adzalipira ndani.