Phwando Latha, Nanga Mwana Wathu Wagona Kuti?

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa maina a ana omwe asankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede za boma, kuno ku Phalombe nthungululu zimamveka kuchokera ku Migowi mpaka ku Chiringa. Nkoyenera kutero. Mwana amene waphunzira pa CDSS, nkukonzekera mayeso a MSCE akuwerengera tochi ya foni, dzina lake nkutuluka pamodzi ndi la ana a m'tauni, wagwira ntchito yaikulu. Timapha mbuzi, timaitana abale, timamutchula kale kuti bwana. Komatu phwando likatha ambirife timabwerera ku minda yathu ya nandolo, mwana uja nkukwera minibasi yekha ndi katumba ka ufa, osadziwa kuti usiku umenewo akagona pati.

Ife tikuti chaka choyamba ndicho chimafuna dzanja lathu kuposa zaka zina zonse, ndipo ndi chaka chomwe timachinyalanyaza kwambiri.

Ambiri mwa makolo athu akuganizabe za yunivesite ya kale, pomwe mwana ankapatsidwa chipinda nkumadya ku kafeteriya boma likulipira. Nthawi imeneyo inapita. Lero malo ogona a pasukulu sakwanira onse. Amene wapita ku University of Malawi ku Zomba, komwe tinazolowera kuti ku Chanco, akhoza kupezeka akuchita lendi ku Chikanda, anthu angapo m'kachipinda kamodzi. Wa ku MUBAS ku Blantyre amasakasaka nyumba ku Chitawira kapena ku Ndirande. Lendi, makala, ndiwo, sopo, ndalama zosindikizira manotsi, bandulo ya intaneti, zonsezi zimafunika sabata yoyamba yomweyo. Ngongole ya ophunzira ya boma ilipo, bungwe lake linakhazikitsidwa mu 2015, koma munthu amayenera kulembera, si onse amene amaipeza, ndipo siimudikirira mwana pa geti tsiku lomwe wafika. Ndalama ya mbuzi ija ikanatha kumulipirira chipinda mwezi woyamba.

Pali chinanso chomwe timachita, ndipo tiyeni tichinene ngakhale chikuwawa. Tikamva kuti ndalama za ngongole zalowa, foni ya mwana siipuma. Malume akufuna za feteleza, mlongo wake akufuna za yunifolomu, kwinaku kwagwa maliro. Mwana wa ulemu sakana. Amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, iye nkutsala akudya kamodzi patsiku. Ndalama imeneyo si malipiro. Ndi ngongole yomwe ili m'dzina lake, ndipo adzaibweza yekha akadzamaliza.

Tikudziwa kuti kuno zinthu n'zovuta. Namondwe wa Freddy mu 2023 anakokolola nyumba ndi minda m'boma lino, monga napolo wa mu 1991 anachitira kwa makolo athu, ndipo mabanja ena sanadzukebe bwinobwino. Sitikunyoza umphawi wa munthu. Tikungoti banja lomwe lamira lisakokere m'madzi mwana mmodzi yemwe wagwira nthambi.

Kupatula njala, pali manyazi, omwe mwana sadzakuuzani pa foni. Kwathu kuno iye anali woyamba m'kalasi. Kumeneko akupeza anzake ochokera ku Kamuzu Academy ndi sukulu zina zapamwamba, Chingerezi chikungotuluka ngati madzi. Aphunzitsi salemba manotsi pa bolodi kuti akopere. Amalankhula ola lathunthu nkutuluka, ntchito nkunena kuti itayipidwe pa kompyuta. Mwana wathu mwina kompyuta waigwira koyamba sabata yomweyo. Anzake akale akumutchula yearo, akumuseka katchulidwe. Amakhala kumbuyo, safunsa funso, ndipo akalephera mayeso oyamba amayamba kukhulupirira kuti anasankhidwa molakwika. Ife tikaimba timangoti, "Zikuyenda bwana?" Angayankhe bwanji munthu amene tamukweza kale chonchi? Amati zikuyenda. Choonadi timadzachimva akulemba sapu, kapena atachotsedwa sukulu chifukwa cholephera, nkumabisala kwa mnzake ku Limbe poopa kubwera kumudzi.

Amene wapita ku Zomba kapena ku MUST ku Thyolo ali pafupi, msewu wa Jali ulipo, tikhoza kumutumizira ufa ndi nsomba za ku Chilwa. Koma taganizirani mtsikana yemwe sanadutsepo Blantyre, lero ali ku Mzuzu University, ulendo wa tsiku lathunthu, mvula ndi kuzizira, pamsika akumva Chitumbuka. Lendi ikamuthina ndipo kumudzi kuli zii, pamapezeka azibambo a magalimoto okonzeka kumuthandiza, ndipo tonse tikudziwa mtengo wa thandizo lotero. Tikamadzamudzudzula, tidzakumbukirenso kuti ife tinali kuti mwezi womwe anatiimbira katatu.

Ena adzati mwana aphunzire kulimba, ifenso tinavutika. N'zoona kuti kuphika wekha, kusunga ndalama ndi kudzidzutsa popanda belu ndi maphunziro omwe palibe angamuphunzirire. Sitikuti tizimunyamula kumsana. Koma kulimba kumaphunziridwa ndi munthu amene wadya ndipo ali ndi pogona.

Zomwe tikupempha si zapatali. Abale amene amasonkha za phwando asonkhe za miyezi itatu yoyamba, ndalamazo azisunge munthu mmodzi wokhulupirika nkumatumiza mwezi ndi mwezi. Inu ana a ku Phalombe amene muli chaka chachitatu kapena chachinayi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, maina a osankhidwa amatuluka poyera. Pezani a kwanu asananyamuke, muwauze za nyumba, za fomu ya ngongole ndi tsiku lotsekera, mukawachingamire pa depoti. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito pa boma amene muli ndi laputopu, mwana wa mnansi wanu aigwireko milungu ingapo asanapite, adziwe kutayipa ndi kutumiza imelo.

Ndipo ife makolo, tikaimba foni, dzina la bwana tiyambe talisunga. Timufunse kuti dzulo wadya chiyani, lendi walipira mpaka liti, ndi phunziro liti lomwe likumuvuta. Akakhala chete pang'ono asanayankhe, tisadule foni.