Munda Ukaguga: Mbewu Kapena Ziweto?

Amayi anzanga, munda umene kale unkadzaza nkhokwe ukayamba kubala kaufiti m'malo mwa chimanga, m'nyumba mumabuka mkangano. Bambo amati tiusiyire mbuzi. Inu mumati nanga ana adzadya chiyani?

Musanakangane, yang'anani malowo. Ngati ali otsetsereka ndi amiyala, khasu lingowonjezera kukokoloka kwa nthaka. Pamenepo lekani udzu umere, ndipo ziweto zizidya mbali imodzi pamene ina ikupuma. Ngati ali athyathyathya, bzalani nandolo, mtedza kapena soya mosinthana ndi chimanga, pakuti mbewu zimenezi zimabwezera chonde m'nthaka.

Koma kumbukirani kuti nandolo amakhwima m'chilimwe, mbuzi za m'mudzi zitamasulidwa kale. Nchifukwa chake nkhaniyi iyenera kukafika kwa amfumu, kuti eni ziweto agwirizane za kadyetsedwe. Mbuzi zanu zimangireni khola lam'mwamba, ndipo ndowe zake zikawola zipite kumunda.

Mtengo wa msangu musaudule. Umayoyola masamba m'dzinja, motero suphimba chimanga, ndipo zipatso zake zimadyetsa ziweto msipu ukauma.

Yambani chaka chino, amayi, ngakhale ndi ndime imodzi yokha.