Thukuta la amayi likuthera pa kubetcha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikufunseni: ndani anauza ana athu kuti ndalama imamera pa foni? Mayi amalawira mbandakucha, dengu kumsana, kukathyola tiyi ku Makwasa kapena ku Satemwa. Madzulo mnyamata wawo wa Fomu 3 amapempha K2,000 ya makope, n'kukaitaya pobetcha mpira wa ku England. Ife makolo tili chete, ati n'chibwana.

Si chibwana ayi. Nonse mukudziwa kuti tiyi amachuluka m'dzinja, ndipo chilimwe chikafika aganyu ambiri amaimitsidwa ntchito. Mwana amene sanaonepo kholo lake likupatula kangachepe mu Januwale adzagwadira wakatapila mu Ogasiti. Yosefe, pa Genesis 41, anasunga tirigu m'zaka 7 za mwanaalirenji. Sanadalire mwayi.

Choncho mutengeni mwanayo ku banki m'khonde, akaone m'mene buku limalembedwera. Mpatseni nkhuku imodzi aziweta, aziwerengera yekha zolowa ndi zotuluka. Akalandira K1,000, ayambe wapatula chopereka ndi chosunga, kenaka adye yotsalayo.

Kuwongola mtengo mpoyamba. Tikalekerera, mlanduwu tidzauyankha ndife akulu, osati anawo.

Ambuye atichitire chifundo.