Mbewa ya manyazi inafera kuuna

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwambi umenewu ndinaukumbukira m'munda wa mbatata ya kachewere ku Tsangano, ndikupalira ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite. Masabata awiri anatha akungoyankha kuti "zili bwino" aliyense akamufunsa za sukulu. Tsiku limenelo anatsamira khasu, n'kunena motsitsa mawu: "Malume, ndalephera makosi awiri. Ndili ndi sapu, ndiyenera kukalembanso mayeso."

Amayi ake sankadziwa. Ndiye kuti iwo akukweza matumba a mbatata pagalimoto yopita ku Lizulu kuti apeze fizi, mwana anali atasenza katundu wake yekha, osagona tulo.

Manyazi amenewa ndimawamvetsa. Mwana amene wachokera ku CDSS ya kumudzi n'kusankhidwa kupita ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku LUANAR ku Bunda amachoka mudzi wonse ukumuimbira nthungululu. Kusekondale anali nambala wani chaka ndi chaka. Kodi abwerere n'kunena kuti masamu amugwetsa? Amasankha kukhala chete, ndipo kukhala cheteko ndi kumene kumamufikitsa pa zimene ophunzira amati kuwidedwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera. Semesita imodzi yoipa imakonzeka. Chovuta n'chakuti yachiwiri imadzapeza munthu akadabisala.

Nditamufunsa bwino mphwangayo, ndinapeza kuti vuto silinali mutu. Ankawerenga ngati akukonzekera MSCE, kuloweza manotsi usiku wonse mayeso atayandikira. Sankadziwa kuti ku koleji malikisi ena amachokera ku ma asayimenti ndi timayeso ta m'kati mwa semesita, ndipo iye ankazilemba mothamanga poganiza kuti adzakoka pa mayeso omaliza. Ndalama ya chakudya ikatha, ankajomba kalasi ya m'mawa kuti njala isamupweteke msanga. Ngongole ya ophunzira ya bungwe la HESLGB, limene linakhazikitsidwa mu 2015, sanaifunsire n'komwe chifukwa fomu inamuopsa. Safunsa anadya phula.

Kwa ophunzira amene muli m'madzi ngati omwewa, kaya muli ku Lakeview kuno ku Ntcheu kapena ku MUST ku Thyolo, ndikuti yambani n'kugogoda pachitseko cha mphunzitsi amene anakulepheretsani. Mupempheni akuonetseni pamene munataya malikisi. Zimawawa kuona pepala lako lofiira ndi inki, koma pepala limenelo limanena zoona kuposa anzako okutonthoza. Kenako pezani anzanu atatu kapena anayi oti muzikambirana nawo mafunso a zaka zapitazo, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Musasankhe ocheza nawo. Sankhani amene amakhala kutsogolo m'kalasi, ngakhale mukuchita nawo manyazi. Werenganinso malamulo a sukulu yanu pa nkhani ya sapu ndi kubwereza kosi, popeza sukulu iliyonse ili ndi ake, ndipo ambiri amawadziwa madzi atafika m'khosi.

Koma mawu anga aakulu akupita kwa ife makolo. Timafunsa mwana kuti "umaliza liti?" ngati tikufunsa tsiku lokolola. Sitifunsa kuti amadya kangati patsiku, kapena kosi imene ikumuvuta ndi iti. Mlimi wa ku Tsangano amadziwa kuti chiwawu chikagwira mbatata, sudikira kuti munda wonse ude. Umaona tsamba loyamba n'kuthamangira mankhwala. Nanga mwana timamudikiriranji mpaka kalata yomuchotsa? Ngati tikalipa mwana akangotchula kulephera, tisadabwe akamatibisira.

Madzulo a tsiku lomwelo tinakhala pakhonde ndi amayi ake. Anamvetsera osamudula, anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anafunsa kuti sapuyo alemba liti ndipo pakufunika ndalama zingati. Anamuchotsa pa ntchito ya kumunda kwa masabata otsalawo. M'mawa uliwonse ankapita ndi mabuku ake kutchalitchi, kumene kunali mabenchi ndi bata, ndipo ankabwerako dzuwa litapendeka. Tsiku lobwerera ndinamuperekeza pa Tsangano Turn-off kukakwera minibasi, m'chikwama muli fomu ya ngongole imene tinadzaza limodzi.