UDOKOTALA WA MAKOMPYUTA SUGULIDWA PA MSIKA

Makolo ambiri a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amagulitsa cimanga, nshawa ngakhale ng'ombe kuti mwana apite ku Lusaka kukaphunzira za makompyuta. Mwanayo akafika kwa amalume ace ku Kabwata kapena ku Chelstone, amakumana ndi zikwangwani ndiponso mauthenga a pa Facebook olonjeza madigiri a msanga, ena mpaka a udokotala. Ife a tsamba lino tikuona kuti ndi udindo wathu kufotokozera awerengi athu njira yeniyeni ya digiri imeneyi, kuti thukuta la alimi lisatayike pacabe.

Coyamba, dokotala amene tikunena pano si wa ku cipatala ai. Digiri ya udokotala, imene amaicha PhD, ndiyo yapamwamba koposa pa maphunziro a ku yunivesite. Pa makwerero khumi a maphunziro amene bungwe la Zambia Qualifications Authority linakhazikitsa, iyo iri pa khwerero lotsiriza.

Ulendo wace umayambira ku sekondale. Mwana ayenera kukhoza bwino maphunziro asanu, makamaka masamu ndi Cingelezi, popeza sayansi ya makompyuta inamangidwa pa masamu. Pambuyo pace pali digiri yoyamba, imene imatenga zaka zinai, ndiponso digiri yaciwiri ya Masters, ya zaka ngati ziwiri. Akatha izi m'pamene munthu angapemphe malo a udokotala, ndipo pamenepo padzafunikanso zaka zitatu kapena kupitirira. Tikawerengera pamodzi, ndi zaka zisanu ndi zinai kucokera pamene mwana wasiya sekondale, ngati sanapunthwe panjira.

Zaka zotsirizazi si za kukhala m'kalasi ndi kuloweza zolemba za aphunzitsi. Wophunzira amasankha funso limene anthu ophunzira sanaliyankhebe, nalemba cikalata cofotokoza m'mene adzalifufuzira. Akuluakulu a yunivesite akacibvomereza, amampatsa mphunzitsi womuyang'anira, amene nayenso ali ndi digiri ya udokotala. Zotuluka m'kafukufukuyo amazilemba m'buku lalikulu, ndipo masukulu ambiri amafuna kuti mbali zina zisindikizidwe m'magazini a akatswiri. Bukulo limayesedwa ndi oyesa, mmodzi wa iwo wocokera ku yunivesite ina, ndipo pomaliza wophunzirayo amaimirira pamaso pao kuyankha mafunso ndi pakamwa pace. Wakuba nzeru za ena amagwidwa pamenepa. Kudziwa kukonza kompyuta yowonongeka kapena kulemba makalata pa makina ndi luso labwino lodyetsa banja, koma si udokotala. Palinso udokotala waulemu umene yunivesite imapatsa munthu pomuthokoza pa nchito zace. Umenewo sucitira umboni kuti mwini wace anacita kafukufuku.

Nanga n'cifukwa ciani tikudandaula ndi nkhani yooneka ngati ya anthu a m'tauni? Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, Azambia okhala ndi madigiri anali ngati zana limodzi cabe. Ndico cifukwa cace Boma linatsegula University of Zambia mu 1966, kuti tisadalire alendo mpaka muyaya. Pa sukulu yomweyi, pa mseu wa Great East, ndi pamene panabadwira ZAMNET mu 1994, imene inabweretsa intaneti m'dziko muno maiko ambiri a mu Africa asanailawe. Lero makompyuta afika pakhomo la mlimi. Kuyambira mu 2015 feteleza wa Boma anayamba kuperekedwa m'maboma ena mwa njira ya e-voucha, ndipo ndalama za mwana wa ku Lusaka zimafika kwa mai ace pa lamya ya m'manja. Makina otere akasokonezeka, wobvutika ndi mlimi amene mvula siimuyembekeza. Wokhala ndi digiri yogula akapatsidwa kuyang'anira makina amenewa, kapena kuphunzitsa ana athu, dziko lonse lidzakolola mankhusu.

Cotero tikupempha makolo kuti asanatulutse ngwee iriyonse afunse mafunso atatu. Kodi sukuluyo ndi yolembedwa ku Higher Education Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 kuti liziyang'anira masukulu apamwamba? Ngati sukuluyo ndi ya kunja, kodi Zambia Qualifications Authority idzabvomereza cikalata cace? Nanga mphunzitsi woyang'anira kafukufuku ndani, ndipo iye anaphunzira kuti? Sukulu yoona siikwiya ndi mafunso otere. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kwa Boma ndi mayunivesite athu tikuti: njirayi ndi yaitali, ndipo mwana wa mlimi sangaimalize ndi ndalama za munda wa atate ace zokha. Cithandizo ca ndalama cisalekere pa digiri yoyamba. Sukulu za kumidzi zipatsidwe aphunzitsi a masamu ndi magetsi, pakuti dokotala wa mawa akhoza kukhala mtsikana amene lero akutunga madzi ku Chadiza. Ndipo ofufuza athu asankhe mafunso a kwathu kuno: matenda a mbeu, mitengo ya zokolola, ndi makina omva Cinyanja, kuti agogo osadziwa Cingelezi nawonso athandizidwe.

Kwa acinyamata a ku Kabwata ndi kwina konse, mau athu ndi akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi masamu a lero.