Ndionetsetse Anathetsa Nkhosa

Ana anga amene mumacheka matabwa ku Chikangawa, amene mumachita malonda pa Mzimba boma ndi pa Jenda, ndi inu amene mwangofika kumene kuchokera ku Joni, tandibwerekani makutu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwezi wa Juni ndinachezeredwa ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ya macheka m'nkhalango muno. Kunkazizira monga kumachitira nyengo imeneyo, nkhungu itakuta msewu wa M1 moti galimoto zinkayenda zitayatsa nyali masana. Madzulo tikuotha moto, mnyamatayo maso anali pafoni. Mwadzidzidzi anati, "Asibweni, inu munaphunzitsapo masamu. Mnzangayu waponya ndalama. Ndikweze kapena ndingomutsatira?"

Ankasewera poker, juga ya makhadi imene anaiphunzira kwa anzake ku Johannesburg. Ndinamuuza kuti aike kaye foniyo pansi andilongosolere masewerawo kuyambira pachiyambi, pakuti safunsa anadya phula. Tinakambirana mpaka nkhuni zinatha. Zimene ndinamuuza usiku umenewo ndikuzibweretsa kwa inu nonse. Sindikukuitanirani ku juga ayi. Ndikanakonda mukanaitalikira. Koma ndikudziwa kuti ena mwa inu muli kale m'madzi, ndipo munthu amene ali m'madzi amafunika kumuuza pamene pali pozama.

Masewerawa amayenda chonchi. Makhadi onse alipo 52. Mu mtundu wotchuka kwambiri, wotchedwa Texas Hold'em, aliyense amalandira makhadi awiri obisa, ndipo ena asanu amatembenuzidwa pakati kuti akhale a onse: atatu poyamba, kenaka limodzi, pomaliza limodzi. Pa gawo lililonse osewera amaponya ndalama pamulu wa pakati. Mnzako akaponya, iwe uli ndi njira zitatu. Ungathe kutaya makhadi ako n'kuchokamo. Ungathe kumutsatira, kuponya ndalama zofanana ndi zake, zimene anyamata amati call. Kapena ungathe kukweza, kuponya zoposa zake, zimene amati raise. Mtundu umene amautcha no-limit ulibe malire: nthawi ina iliyonse munthu akhoza kukankhira pakati ndalama zake zonse zimene wabwera nazo patebulo.

Mtundu wopanda malirewu ndi umene amaseweretsa pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas, umene unayamba m'chaka cha 1970. Kulowa nawo mpikisano waukuluwo ndi madola 10,000. M'chaka cha 2003 Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, anapeza mpando wake posewera pa intaneti, ndipo anapambana madola 2.5 miliyoni. Nkhani yakeyo inakopa achinyamata ambiri padziko lonse. Koma chaka chimenecho osewera analipo 839, ndipo ambiri a iwo anabwerera kwawo chimanjamanja. Amenewo satchulidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi kutsatira, pakuti ndi kumene kumadya ndalama za anthu mwakachetechete. Wokweza amadziwa kuti waika mutu wake pachiswe. Wotaya makhadi amadziwa kuti wachoka. Koma wotsatira amaona ngati sanachite kanthu. Mumtima amangoti, ndione khadi limodzi lokha. Khadilo likatembenuzidwa osamuthandiza, amati ndione linanso. Makolo athu anamudziwa kale munthu ameneyu. Mbusa anaona chinthu chikuyandikira nkhosa zake, m'malo mokuwa kapena kuthamangitsa ziwetozo anati ayambe waonetsetsa ngati ndi chilombo. Ndionetsetse anathetsa nkhosa.

Kutsatira kuli ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo imadziwika ndi kuwerenga. Tiyerekeze kuti m'manja uli ndi makhadi awiri a mitima, pakati pali ena awiri a mitima, ndipo kwatsala khadi limodzi loti litembenuzidwe. Ukufuna mtima wachisanu kuti upambane. Makhadi a mitima onse alipo 13. Waona 4, atsala 9. Makhadi amene sunawaone ndi 46. Ndiye kuti khadi lako limabwera pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu. Tsopano yang'ana mtengo. Ngati pamulu pali K6,000 ndipo mnzako waponya K1,000, ukulipira K1,000 kuti ulimbirane K7,000. Ukapambana kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu ndiye kuti ndalama zako zabwerera, ndipo mwayi wako uposa pamenepo. Apo tsatira. Koma ngati mnzakoyo waponya K6,000, ukulipira K6,000 kuti ulimbirane K12,000. Pamenepo uyenera kupambana kamodzi pa maulendo atatu, pomwe khadi lako limabwera kamodzi pa asanu. Makhadi ndi omwewo, koma mtengo wasintha. Amene amatsatira pamtengo wotere akhoza kupambana lero, koma pakutha pa mwezi thumba lake lidzaulula.

Wocheka matabwa aliyense amawadziwa masamu amenewa. Sugula chipika usanawerenge kuti mutuluka matabwa angati, mafuta a macheka ndi ndalama zingati, aganyu ndi lole atenga zingati. Nanga bwanji nzeru imeneyi mumaisiya ku zisakasa mukamakhala pa makhadi? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukweza nakonso kuli ndi zifukwa zake, ndipo ndi ziwiri zokha. Choyamba, uli ndi makhadi abwino ndipo ukufuna kuti amene ali ndi ochepera alipire zambiri. Chachiwiri, ukufuna kuopseza amene ali ndi makhadi okuposa kuti awataye. Usanakweze dzifunse: kodi ndani wa makhadi ochepera amene anditsatire? Nanga ndani wa makhadi ondiposa amene athawe? Ukasowa yankho pa mafunso onse awiri, kukweza kwakoko n'kongodzionetsera. Ochepera adzathawa, okuposa adzatsala, ndipo udzakhala utadzikumbira wekha dzenje. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Pali funso lachitatu limene anyamata amaliiwala: ndikakweza, iye n'kukankha zake zonse, ndidzatani? Yankho likhale nalo usanatambasule dzanja. Mu masewera opanda malire, ukakweza watsegula chitseko, ndipo mnzako ali ndi ufulu wolowa ndi katundu wake yense. Walira mvula walira matope. Ndipo usamayese kuti wochenjera ndiwe wekha. Amene ukumuopsezayo mwina wakhala chete dala, akudikira kuti udzipereke. Atambwali sametana, amaopa kuchekana. Pafoni zimavuta koposa, pakuti suona nkhope yake, sudziwa ngati ndi mnyamata ngati iwe kapena katswiri amene ntchito yake ndi imeneyo.

Ngakhale makhadi abwino koposa alibe lonjezo. Ma ace awiri, amene aposa onse poyambira, amabwera kamodzi pa maulendo 221. Atabwera choncho, ukalimbana ndi munthu mmodzi yekha mpaka kumapeto, amagonjabe pafupifupi maulendo 15 pa 100 alionse. Choncho ungathe kuchita zonse molondola n'kuluzabe. Ichi ndi chifukwa chake munthu sayenera kuika patebulo ndalama zimene kuluza kwake kungagonetse ana ndi njala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ngwa mphepo.

Mwana wa mlongo wanga anandifunsa za njira ziwiri, koma njira zilipo zitatu. Yachitatuyo, kutaya makhadi, anyamata amaichita manyazi. Amati ndi mantha. Amatinso, ndaponyamo kale zambiri, ndingasiye bwanji? Mverani ana anga: ndalama zimene zafika pamulu si zakonso. Madzi akatayika saoleka. Zimene ukadali nazo mphamvu ndi zimene zili m'thumba. Akatswiri a masewerawa amataya makhadi ambiri amene amalandira, nthawi zambiri lisanatembenuzidwe n'limodzi lomwe la pakati, ndipo sachita nazo manyazi. Sunga khosi, mkanda uoneka.

Tsopano tulukani panja muyang'ane mapiri athuwa, pakuti phunziro la masewera opanda malire linalembedwa pamenepo. Boma linayamba kudzala paini wochuluka pa mapiri a Viphya m'chaka cha 1964, mpaka nkhalango inafika mahekitala pafupifupi 53,000, imodzi mwa nkhalango zodzalidwa ndi anthu zikuluzikulu mu Africa. Cholinga chinali kudyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene inkayenera kumangidwa ku Chintheche, koma fakitaleyo sinamangidwe. M'chaka cha 1999 kampani ya Raiply inapatsidwa mahekitala 20,000 kuti iziyang'anira, ndipo mbali yotsalayo inatsegulidwa kwa ocheka ena. Amene munalipo mukukumbukira. Malole a matabwa ankatuluka usana ndi usiku, ndalama zinkayenda, aliyense ankaona ngati mitengoyo siidzatha. Kudula kunathamanga kuposa kudzala, ndipo moto wa m'chilimwe unkamaliza zotsala. Lero amene akuyenda kuchokera ku Mzimba kupita ku Mzuzu amaona malo ambiri ali mbee, zitsa zokhazokha, pamene kale dzuwa silinkafika pansi. Paini amatenga zaka zoposa 20 kuti akhale wa matabwa, koma macheka amamugwetsa m'kanthawi kochepa. Tonse tinali patebulo limenelo. Ena ankakweza, ambiri tinkangotsatira poona kuti anzathu akudula, ndipo ochepa okha ndi amene anati apa ndalekeza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndalama zanu zili ngati paini ameneyo. Zimakula pang'onopang'ono, ndi thukuta, ndi utuchi m'maso, ndi kuzizira kwa m'mamawa ku Nthungwa ndi ku Luwawa. Za ena zimachokera ku Joni, kumene munthu amagona mothinana ndi anzake kuti atumize kanthu kwawo ku Embangweni. Kale wofuna juga ankayenera kuyenda kukasaka anzake kuseri kwa msika, ndipo panjira mtima unkatha kubwerera. Lero Airtel Money ndi Mpamba zili m'thumba momwemo, ndipo malipiro a mwezi wonse angathe kuchoka munthu ali gone pamphasa. Dziwaninso kuti eni ake a malo oseweretsa, kaya ndi nyumba kaya ndi pa intaneti, amatapako gawo lawo pa milu imene mukulimbirana. Ndalama zimene zimachoka patebulo kupita kwa osewera nthawi zonse zimachepa poyerekeza ndi zimene zinafikapo.

Boma lili ndi mbali yake. Lamulo la 2022 linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority kuti liziyang'anira juga m'dziko muno, ndipo mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kutchova. Koma palibe bungwe limene lidzabwere usiku kudzakugwira dzanja. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Popeza masewerawo alibe malire, malirewo uyenera kubwera nawo iwe mwini.

Nawa malire amene ndinamupatsa mnyamata uja. Ndalama za fetereza, za fizi, za chimanga ndi za ng'ombe za malowolo zisayandikire makhadi. Ngongole ya banki m'khonde kapena ya katapila isalowe m'juga ngakhale tsiku limodzi. Usanakhale pansi, tchula ndalama zimene zikatha unyamuka, ndipo zikatha nyamukadi. Usasewere utamwa, utakwiya, kapena pofuna kubweza zimene waluza, pakuti wothamangitsa ndalama zotayika amakweza popanda chifukwa ndipo amatsatira popanda kuwerenga. Ndipo ukaona kuti wayamba kubisira mkazi wako kapena makolo ako zimene ukuchita pafoni, dziwa kuti matenda alowa. Pamenepo usalimbane nazo wekha. Uza mbale wako, uza akulu a mpingo, uza munthu amene umamukhulupirira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.

Usiku uja, pamene mwana wa mlongo wanga anatolanso foni yake, anapeza kuti nthawi yoyankhira inatha kalekale ndipo makina anali atamutayira makhadi. Anadandaula nati, "Asibweni, mwandiluzitsa." Ndinamufunsa kuti zimene zinali pamulu ndi zingati, nanga zimene zatsala ndi zingati. Anawerenga, nakhala chete. Zotsalazo zinali zokwana thumba la fetereza limene mkazi wake ankaliyembekeza kumudzi.

Inu a ku Chikangawa mukudziwa kuti njira zotchinga moto m'nkhalango zimalambulidwa udzu usanaumiretu. Palibe amene amayamba kulambula malawi atafika kale m'mitengo, utsi uli m'maso. Chimodzimodzi malire a ndalama zanu: aikeni masana, mutu uli bwino, foni ili m'thumba. Mukadikira kuti mudzaganize mnzanu ataponya kale, mtima ukugunda, mwachedwa. Nkhanga zinapangana kusanapse.